Tcheni cha a Makalata

"Ndati usokerere kasiponji mkati mwakemu. Taona mmene yamunyulira ubweya pakhosi."

Chandamale anaika kolala yachikopa pamwamba pa diresi la kasitomala limene mkazi wake ankapinda. Mayiyo, amene aliyense ankangomutchula kuti Telala, sanachotse phazi pa chopondera cha makina. Anamaliza mzere wake, nadula ulusi ndi mano, kenaka n'kuinyamula kolalayo ndi zala ziwiri. Inkanunkha galu.

"Khosi la Sajeni mwaliona," anatero. "Nanga mwendo wa abambo anu munauona liti?"

"Wayambanso."

"Ndangofunsa. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chingwe chija chili pamwendo. Khungu lasupuka. Dzulo powasambitsa ndinachita kunyowetsa chingwe ndi madzi ofunda kuti chimatuke pabala."

"Ndiye ukufuna nditani? Ndiwamasule akalowenso kuchipinda kwa mkazi wa eni? Unalipo tsiku lija. Unawaona anthu atatola miyala, akuti agwira mfiti dzuwa likuswa mtengo. Ndikanachedwa pang'ono, bwenzi lero tikukamba zina. Ndawamanga kuti akhale ndi moyo."

"Kuchipatala anati tizipita nawo."

"Kuchipatala anati matenda oiwala alibe mankhwala. Unamva wekha. Walira mvula walira matope, mkazi wanga. Unati tiwatenge tizikhala nawo. Ndi awo, tikukhala nawo."

Telala anayambanso kusoka. Ankamva apongozi akewo akuyankhula okha m'kachipinda ka pakhonde, akutchula manambala a nyumba. Zaka makumi atatu mkuluyo anagwira ntchito yogawa makalata, mpaka dzina lake lenileni linakwiririka, onse n'kumangoti a Makalata. Tsopano mutu utasokonekera, ntchito yokhayo ndi imene inatsalamo. Akadzuka ankapinda pepala lililonse limene apeza, n'kuyamba kugogoda khomo ndi khomo. Khomo likakhala losatseka ankalowa. Chandamale, pokhala wowotcherera zitsulo, anawotcherera mphete pamwendo wa bedi, n'kumangapo chingwe chofika pandowa yodzithandiziramo koma chosafika pachitseko.

Madzulo a tsiku limenelo Telala anasoka zinthu ziwiri. Anasokerera siponji mu kolala ya galu. Siponji yotsala anaikutira ndi nsalu yofewa ya thewera, naipanga ngati kalamba, nakawamanga apongozi ake pa akakolo kuti chingwe chizidutsa pamwamba pake. Chandamale atakaona anakagwiragwira nagwedeza mutu.

"Waona? Mutu umodzi susenza denga. Tsopano angakhale chaka osamva kuwawa."

Telala anayang'ana manja ake. Sanamve kanthu, ngakhale mkwiyo. Anangopita kukatsuka mbale.

Masiku ankayenda mofanana. Chandamale akaweruka ankayamba ndi galu. Sajeni anali kagalu ka miyezi isanu, ka mapazi aakulu ndi makutu osagwirizana, lina loima lina logwa. Mwini wake anali atakagulira makolala atatu: yansalu imene kanayamba nayo, yachikopa ija, ndi ina ya tcheni imene imathina galu akakoka. Ya tcheniyo anangoiyesa kamodzi. Sajeni atakoka anatsokomola, maso n'kutuzuka, ndipo Chandamale anaivula msangamsanga n'kuikoloweka pamsomali.

"Ichi n'chankhanza," anatero. "Galu samenyedwa, amaphunzitsidwa. Ndaonera pa foni. Ndipo galu wokhalira kumangidwa amapenga. Ayenera kuyenda kawiri patsiku."

Ankaika tizidutswa ta chiwindi chowiritsa m'thumba la ovolosi, n'kumazungulira ndi galuyo pabwalo. "Khala. Dikira. Bwera." Akamvera ankalandira chiwindi ndi kusisitidwa pamutu. Mawu a Chandamale pa nthawi imeneyi ankakhala odekha, aulemu, mawu amene Telala anali atawaiwala.

Akamaliza za galu ankatulutsa kachikwama kachikopa ka madatsi. Munali timivi titatu tachitsulo, ta mapiko obiriwira, timene ankatipukuta ndi kansalu kake kapadera. Dzina loti Chandamale anamupatsa anzake a kukalabu chifukwa ankati iye salasa mpanda. Bolodi lake analikhoma pachitseko cha kachipinda ka a Makalata, poti ndi pokhapo panali thabwa lolimba komanso mpata wokwanira woimapo. Pansi pakhonde anajambulapo mzere ndi penti yoyera. Telala akakhala mkatimo, kuwadyetsa kapena kuwasintha, ankayamba wakuwa kaye kuti "Ndikutuluka" asanatsegule, kuopa kulasidwa.

Kamuvi kalikonse kakamenya bolodi, chitseko chinkalira kuti gu. Mkuluyo ankatukula mutu.

"Lowani," ankatero.

Gu.

"Lowani, n'kotsegula."

Tsiku lina Telala akuwameta ndevu, kunja kunamveka mawu a Chandamale akuuza galu kuti "Khala." A Makalata, amene anali ataimirira pafupi ndi zenera, anakhala pabedi nthawi yomweyo, manja pamaondo. "Dikira." Anadikira, osaphethira. Telala anaima ndi lezala m'manja, thovu likuyenderera pachigongono. Kenaka anapitiriza kumeta, chifukwa tsaya lina linali lisanathe.

Lamlungu la sabata yachiwiri kunabwera mlongo wake wa Chandamale, amene ankaphunzitsa kusukulu ina kutali ndithu, ndipo onse ankamuti Aphunzitsi. Anabwera ndi malalanje ndi juzi latsopano. Atalowa m'kachipindamo n'kuona chingwe, anatuluka akulira, nakhala pampando wa pakhonde.

"Achimwene, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Munthu amene anakuphunzitsani kugwira supuni mukum'manga ngati mbuzi?"

"Chabwino, chemwali. Chikwama chawo chili pamwamba pa kabati. Basi ya folo koloko muipeza."

"Mukudziwa kuti kwathu n'kosatheka. Nyumba ndi ya sukulu, zipinda ziwiri. Ine ndimachoka mmawa, alamu anu amachoka mmawa. Ndiwasiyira ndani?"

"Ndiye musamaphunzitse kusambira muli pamtunda. Mumabwera kamodzi pa miyezi itatu ndi malalanje. Fungo la ndowa ija mumalidziwa?"

"Inuyo mumalidziwa?" Aphunzitsi anatembenukira kwa Telala. "Alamu, inu ndinu mayi. Mukulola bwanji zimenezi?"

Telala ankasenda lalanje limodzi kuti akawapatse apongozi ake. "Ine ndimasambitsa, ndimadyetsa, ndimataya ndowa," anatero. "Zololazo sindinafunsidwepo."

"Komabe kansaluko kaoneka bwino," anatero Aphunzitsi akupukuta m'maso. "Bola sakuvulala."

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Anatchula msuweni wina amene angathe kumabwera kudzawayang'anira, koma anapezeka kuti anasamuka. Anatchula nyumba yosungirako okalamba, Chandamale n'kunena kuti anthu angamuseke kuti wataya bambo ake. Basi ya folo koloko Aphunzitsi anaipeza. Polawira anagwada pakhomo pa kachipinda kaja, ndipo a Makalata anawapatsa chikutiro cha sopo chopindidwa bwino.

"Musayine apa," anatero.

Lachitatu la sabata yotsatira, Telala atapita kukagula zipi ndi mabatani, anabwerako n'kupeza chitseko cha bolodi chili pululu. Chingwe chinali pabedi, chokulungidwa mwaluso ngati chomangira mtolo wa makalata. Zala za mkuluyo zinali zisanaiwale mfundo. Anawapeza patadutsa maola awiri, atakhala pamwala kuseri kwa sitolo ya simenti, opanda nsapato, akusanja timapepala ta m'ngalande. Nkhope yawo inali yowala ngati munthu amene wagwira ntchito yake bwino. Ana ena anaima patali akuwaloza.

Chandamale atamva sanakalipe. Anapita pamsomali paja, natenga kolala ya tcheni, nailumikiza ku unyolo wautali wa kuntchito kwake. Anaikoloweka pa akakolo a bambo ake, pamwamba pa kansalu ka Telala, n'kuikapo kaloko kuti isavuke.

"Munati n'chankhanza," anatero Telala ali pakhomo.

"Pakhosi. Apa ndi pamwendo. Akakoka chizithina, akasiya chizimasuka. Aphunzira okha kusakoka. Galu amaphunzira masiku awiri."

"Iwowa saphunziranso kanthu. Ndiwo matenda awo."

"Ndiye ukhale pakhomopa usiku ndi usana, makinawo uwagulitse. Ukufuna zimenezo?"

"Ndipatseni kiyi mmodzi."

"Ndi mmodzi yekha. Ndipo iwe mtima wako ndimaudziwa."

Kiyiyo anamuika m'kachikwama ka madatsi, n'kutseka zipi. A Makalata ankayang'ana mwana wawo akugwira ntchitoyo. "Mnyamata ameneyu ali ndi manja abwino," anauza Telala. "Ndi wa kwa yani?"

Loweruka kunali mpikisano waukulu kukalabu. Chandamale anayendetsa Sajeni mmamawa, anamupatsa madzi, namusiya pakhonde wosamanga, poti tsopano anali atadziwa kudikira. Anavala malaya a timu, natenga kachikwama kake. Telala anali ndi madiresi anayi a operekeza mkwatibwi ofunika madzulo omwewo. Anawapatsa apongozi ake phala ndi tiyi, natsegula wailesi, nakhala pamakina.

Chapakati pa mmawa anamva unyolo ukulira, kukoka ndi kusiya, kukoka ndi kusiya. Inali nthawi imene mkuluyo ankanyamuka kale kupita kuntchito. Telala anakweza wailesi pang'ono. Kenaka unyolo unasiya kulira, iye n'kuganiza kuti agona.

Analowa ndi chakudya wani koloko itadutsa. A Makalata anali atakhala pansi pafupi ndi chitseko, mwendo utatambasukira kubedi, unyolo uli nga. Kansalu kaja kanali katatsetserekera kuchidendene. Tcheni chinali chitapotana, mphete yake italumana ndi loko, osabwereranso, ndipo chinali chitamira m'mnofu. Phazi linali litatupa ngati buledi, lakuda ngati biringanya. Telala ataligwira linali lozizira.

"Zikuwawa, bambo?"

"Ayi, mayi. Koma ndachedwa. Anthu akudikira."

Anawakokera kufupi ndi bedi kuti unyolo ulefuke, koma tcheni cha pamwendo sichinasunthe. Anayesa ndi sizasi yake yaikulu, sizasi inagomoka mano. Anayesa ndi pulayala, anayesa ndi sopo. Zida zodulira zitsulo zinali zotsekeredwa kuntchito kwa mwamuna wake. Anamuimbira foni kasanu, foni inali yozima. Anavala nsapato, natseka geti, Sajeni akumuyang'ana ali chikhalire.

Sanathamange. Pambuyo pake ankadzifunsa chifukwa chake, osapeza yankho. Anayenda monga amayendera popita kukagula ulusi, tepi yoyezera idakali m'khosi.

Kalabuyo inali holo yaitali ya malata, ya mawindo aang'ono. Munali amuna oposa makumi atatu, ena pamabenchi, ena ataimirira ndi mabotolo, onse chete. Kutsogolo nyale imodzi inkawalira pabolodi. Munthu wina wolemba manambala a mpikisano anaima pambali ndi choko. Chandamale anali pamzere, phazi lamanja patsogolo, timivi tiwiri tili kale pabolodi, kachitatu kali pakati pa zala. Kanatsala kamodzi kuti timu yake ipambane.

Telala anadutsa pakati pa mabenchi nakaima pambali pake.

"Ndipatseni kiyi."

Chandamale sanatembenuke. "Dikira ndimalize."

"Ndipatseni kiyi wa tcheni."

Wina pabenchi anaseka. Anali woyendetsa takisi, mnzake wa Chandamale wa timu imodzi, amene ankamuti Mabuleki. "Alamu, galuyo apirire mphindi imodzi. Amuna anu akutigulira ulemu pano."

"Galu ali pakhonde, sanamangidwe," anatero Telala. Mawu ake anali wamba, ngati akutchula muyezo wa m'chiuno. "Tcheni chili pamwendo pa a Makalata. Phazi lada. Kiyi ali m'kachikwamako."

M'holomo munalibe amene sankawadziwa a Makalata. Ambiri mwa iwo makalata awo oyamba a ntchito, ngakhale a chibwenzi, anawalandira m'manja mwa mkuluyo. Ena mwa iwo analiponso tsiku la miyala lija. Wina anaika botolo pansi pang'onopang'ono.

Dzanja la Chandamale linali lili m'mwamba kale. Kaya anaganiza, kaya dzanjalo linangochita zimene linazolowera, kamuvi kanachoka nikakalasa pamene pankafunikapo, m'kampata kopyapyala ka m'mphepete. Palibe anaomba m'manja. Wa choko uja anayang'ana bolodi, nayang'ana Telala, osalemba kanthu.

"Za m'nyumba sakambira pabwalo," Chandamale anatero chapansipansi, akutsegula zipi.

"Ndinakambira m'nyumba masabata atatu."

Mabuleki anali ataimirira kale, makiyi a galimoto ali m'manja. "Tiyeni, alamu. Mnzako akapsa ndevu m'zimire." Sananene kuti mnzakeyo ndi uti. Chandamale anakwera kutsogolo, Telala kumbuyo.

Loko anatseguka, koma tcheni anachita kuchimatula m'mnofu ndi mafuta ophikira. A Makalata sanalire. Mabuleki ndi amene anatuluka panja n'kukatsamira khoma. Powanyamula kupita nawo kugalimoto, mkuluyo anaona msewu, nayamba kutchula nyumba iliyonse ndi nambala yake, osaphonya.

Kuchipatala namwino wachikulire, wa magalasi omangirira ndi kachingwe, anayang'ana phazilo nthawi yaitali. Anayang'ananso zipsera zakale za chingwe. Anatulutsa amuna awiri aja, natsala ndi Telala.

"Wawamanga ndani?"

Telala akanatha kutchula munthu mmodzi. Zinali zoona, ndipo namwinoyo cholembera chake chinali chikudikira dzina limodzi.

"Amuna anga anawotcherera mphete, anagula loko," anatero. "Ine ndinasoka kansalu koti zisamaoneke kuwawa. Lero ndinamva akukoka, ndinakweza wailesi."

Namwino anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, nalemba zonse. "Si inu oyamba," anatero. "Mwezi uno ndinu achitatu. Ena amabwera nawo atamwalira kale, n'kumati anagwa."

Madokotala anawadula a Makalata zala ziwiri za kuphazi. Lolemba kunabwera wapolisi wamkazi ndi mayi wina woona za okalamba. Anafunsa Chandamale payekha, Telala payekha, nanena kuti nkhaniyo ipita patsogolo ndipo mkuluyo sabwerera kunyumba ija mpaka iwo atakaiona. Aphunzitsi anafika Lachiwiri, analiranso, nanena kuti ayankhula ndi amuna awo. Madiresi anayi aja eni ake anakawatenga osatha. Kukalabu, Mabuleki anati, chikho chimene timu yawo inapambana chinangokhala pashelefu, palibe anachitenga.

Chandamale anabwera kudzazonda kamodzi. Anaima kumapazi kwa bedi atavala ovolosi, manja m'matumba.

"Ndimafuna kuwasunga," anauza mkazi wake. "Iwe ukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Anthu akundiona ngati chilombo. Omwe aja anatola miyala."

"Mwadya?" anafunsa Telala, poti panalibe china chimene chinabwera m'mutu mwake.

Iye anati wadya. Anati akuyenera kupita, galu sanayende chiyambire dzulo. Atanena mawuwo anakhala ngati wadzimva yekha. Anayang'ana bandeji ya paphazi la bambo ake, natuluka.

Telala ankagona pamkeka pansi pa bedi la apongozi ake. Sanaganize zobwerera kunyumba, sanaganizenso zosabwerera. Ankadzuka, kuwapukuta, kuwadyetsa, kuchapa, kuyanika pa waya wa kuseri kwa wodi pamodzi ndi amayi ena odikirira odwala.

Tsiku lachisanu ndi chitatu namwino uja anabweretsa ndodo yachitsulo. "Ayambe kuyenda, miyendo ingaume. Apite mpaka kukhomo lakunja uko, akaone dzuwa."

Telala anawatsitsa pabedi, nawagwira mkono. Anayenda bwino, motsimphina pang'ono, kudutsa bedi loyamba, kudutsa lachiwiri. Atafika pakhomo la wodi anaima. Kutsogolo kwawo kunali khonde lalitali lopukutidwa, kumapeto kwake kukuwala.

"Tiyeni, bambo."

Mkuluyo anayang'ana phazi lake, nayang'ana kumbuyo kumene kunali bedi.

"Pathera pano," anatero.

"Palibe chakugwirani. Taonani, palibe."

"Chithina, mayi. Inu simukuchidziwa."

Anaima pamenepo. Wokankha ngolo ya mankhwala anapempha njira, iwo osasuntha, mpaka anachita kuwalambalala. Telala anawanyengerera, anawalozera dzuwa, anawauza kuti anthu akudikira. Mkuluyo anangopukusa mutu mwaulemu.

Ndiye Telala anagwada pasimenti, nawauza kuti atsamire paphewa pake. Anagwira phazi la bandeji lija ndi manja awiri, nalinyamula, nalidutsitsa pakhomo, naliika pansi. A Makalata anatseka maso, kudikira. Panadutsa kanthawi. Anatsegula maso, nayang'ana phazilo lili kunja kwa wodi.

"Linalo," anatero.

Telala anasendera ndi maondo, nagwira phazi linalo.